Buku lomwe amalume anasuta

Ndikukumbukira buku lopanda chikuto lomwe ndinalipeza m'sutikesi ya amalume kwathu ku Ndunde, nditangoyamba kudziwa kuwerenga. Linkanunkha fodya ndi mphemvu. Tsamba loyamba linkati nkhaniyo inalembedwa kalekale kutsidya kwa nyanja kuti ana a azungu aziwerenga, kenako amishoni anaimasulira m'Chinyanja n'kuisindikiza pa makina awo. Inali ya anyamata awiri apachibale omwe anachoka kwawo pa sitima yapamadzi kukaona dziko. Ine, amene ulendo wanga wautali unali wa kuchigayo, ndinkangoti kukamwa yasa. Chitsulo chingayende bwanji pamadzi osamira? Nanga anthu olembawo anadziwa bwanji kuti ku Ndunde kuli mwana wofuna kumva zimenezi?

Vuto linali pepala. Amishoni aja anasindikiza pa pepala lopyapyala, ndipo amalume ankati m'Chiradzulu monse munalibe lina lopichirira chingambwe ngati limenelo. Ankang'amba tsamba limodzilimodzi kuyambira kumapeto, ine ndikuwerenga kuyambira koyambirira, chala chili pa mawu. Tinali ngati anthu awiri olima mzere umodzi, wina uku wina uko, koma khasu la amalume linali lothamanga.

Amalumewo anapitako ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, limodzi ndi mng'ono wawo, koma anabwerako okha. Pakhomo nkhaniyi sinkakambidwa.

M'buku muja ine ndi amalume tinakumana pamalo oipa. Wamng'ono mwa anyamata a m'buku aja anali atadwala kwakayakaya m'dziko lachilendo, mkulu wake atathamanga kukafuna thandizo. Nditatembenuza tsamba ndinapeza ulusi wokhawokha. Ndinalira mokuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Amalume anali phee pakhonde, mathero a nkhani yanga akutuluka m'mphuno mwawo. Ndinawafotokozera uku ndikusisima pomwe nkhani yadukira, ndipo anasiya kukoka fodya uja.

"Iwe mphwanga, ukuyesa ndimangosuta? Tsamba lililonse ndimayamba ndaliwerenga."

Anandiuza mathero ake tikusenda nandolo. Anati mkuluyo anabwerera, nabereka mng'ono wake kumsana mpaka kusiteshoni. Anakwera sitima yapamtunda yonunkha malasha ndi thukuta, wodwalayo atatsamira phewa la mbale wake, akumwetsedwa madzi m'kachitini. Anatsikira ku Limbe n'kuyamba wapansi, ndipo ataona phiri la Chiradzulu wodwala uja anati amutsitse, ayenda yekha. Mayi awo anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Ndinafunsa kuti ana a azungu ankadzatani ku Limbe. Amalume anati azungu nawo amadziwa malo abwino. Ndinakhutira, ndipo tsiku limenelo nandolo anakoma.

Chaka chatha ndinalipezanso bukulo kwa wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe komweko. Linali losindikizidwa kachiwiri: chikuto chowala, kalembedwe katsopano, pepala lokhuthala loti amalume akadalinyoza. Ndinatsegula kumapeto ndili chilili. Munalibe Limbe, munalibe phiri, munalibe nthungululu. Mnyamata uja anangochira ndi mankhwala a dokotala wina, ulendo n'kupitirira.

Amalume anali atamwalira kale, choncho nditapita kumudzi ndinawafunsa amayi za buku lomwe amalumewo ankawerenga. Anayamba aseka kaye.

"Achimwene kuwerenga? Ngakhale dzina lawo sankatha kulemba."

Nditawauza mathero omwe malemuwo anandiuza, kuseka kuja kunatha. Anati mng'ono wa amalume uja anadwala chifuwa ku Joni, ndipo amalume pobwera ndi thandizo anapeza atamufunditsa kale bulangete kumutu. Anamuika komweko.

Masiku ano ana anga amaona mayiko onse pafoni, ndipo osuta amagula ndudu zopichira kale, moti palibe nkhani imene imathera mu utsi. Buku latsopanolo ndimawawerengerabe madzulo. Koma ndikafika pomwe mnyamata wadwala, ndimalitseka, n'kuwakweza sitima onse awiri mpaka kufika nawo ku Ndunde.