Tsiku limene boyila inakana kuyaka

Ndikukumbukira kuzizira kwa mu fulati yathu ku Thamesmead kuposa china chilichonse cha m'zaka zimenezo. Ndinafika ku London ndili mwana wa pulaimale, kuchokera ku Dedza komwe ndinkakhala ndi azakhali anga. Ife a ku Dedza timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, koma kwa kuno kunali kwamtundu wina. Kunkalowa m'makoma, kunkanyowetsa mawindo, ndipo ukamaweruka kusukulu dzuwa linali litatsanzika kale.

Amayi anali atatsogola kubwera. Ankagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, kutali ndithu, kokwera basi n'kutsika n'kukweranso ina. Ankachoka kusanache, kubwera chakudya chamadzulo chitazizira. Kiyi wa pakhomo anandimangirira pa chingwe cha nsapato, ndipo ndinkamuvala m'khosi mkati mwa juzi.

"Usatsegulire munthu chitseko," anandiuza. "Ndipo usauze aliyense kuti umakhala wekha. Kuno akamva, akutenga."

Otengawo sindinkawadziwa. M'mutu mwanga anali anthu aataliatali, a majekete akuda, oyenda pa galimoto yoyera.

M'khitchini, pamwamba pa sinki, panali bokosi loyera lokhomeredwa kukhoma. Imeneyo ndiyo inali boyila, yotenthetsa madzi ndi gasi n'kuwatumiza m'mapaipi mpaka m'marediyeta, zitsulo zofunditsa m'zipinda. Inali ndi kawindo kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo ukasuzumira unkaona kalawi ka buluu kakuphethira. Amayi anandiloleza batani limodzi lokha. Ndikalidina, inkati tha, tha, tha, kenako bvuu, kalawi kaja n'kukula. Posakhalitsa mapaipi ankayamba kugogoda, ndipo nyumba inkadzaza fungo la fumbi lofunda ndi la masokosi onyowa amene ndinkayanika pa rediyeta.

Kusukulu sindinkayankhula kwenikweni. Chingerezi ndinkachidziwa, koma ndikatsegula pakamwa anzanga ankanditsanzira katchulidwe, ndiye ndinasankha kungokhala chete. Tsiku linkatha mawu ali m'mimba. Ndikafika kunyumba ndinkakokera kampando pafupi ndi sinki, n'kukwerapo, n'kuyamba kuifotokozera boyila zonse m'Chichewa: amene wandiseka, zimene tadya, ndi mmene ndinkasowera mbatata yootcha ya azakhali. Inali mnzanga wabwino. Siinkandidula mawu ngati azakhaliwo, ndiponso siinkandituma.

Tsiku lina mu Januwale kunagwa mvula yosakanikirana ndi chipale chofewa. Ndinafika nsapato zili chonyowa, zala zitauma gwa. Ndinadina batani. Inati tha, tha, tha, n'kukhala chete. Ndinadinanso. Nditasuzumira pa kawindo kaja, munali mdima wokhawokha.

Ndinaimbira Amayi, ngakhale ndinkadziwa kuti foni yawo imakhala yotsekeredwa m'kabati akakhala pa ntchito. Anayankha mayi wina wachizungu kuti ndisiye uthenga. Ndinaidula msangamsanga, poganiza kuti ameneyo ndi mmodzi wa otenga aja.

Ndinavala juzi ina pamwamba pa juzi, kenako gauni ya Amayi, n'kudzikulunga m'bulangete. Mpweya wanga unkaoneka ngati utsi. Ndinayesa kulemba ntchito ya kusukulu koma cholembera chinkapulumuka m'manja. Ndinayang'ana chitofu, koma chimenecho Amayi anali atachita kundilumbiritsa kuti ndisachiyatse. Kunja magetsi a m'misewu anayaka, mabasi ankadutsa mawindo ake ali mbuu, ndipo ine ndinali ndekha m'nyumba yozizira ngati filiji. Pamapeto pake ndinakwera pa kampando kaja ndikulira.

"Yaka, iwe. Ndakulakwira chiyani? Yaka, chonde."

Pakhomo panamveka kugogoda. Kenako kachitseko kolowetsera makalata kanatukuka, ndipo panatuluka mawu a munthu wamayi.

"Iwe mwana, tsegula. Ndine wa khomo linali. Boyila siimva Chichewa."

Kupatula Amayi, panali patapita miyezi ndisanamve munthu akuyankhula chiyankhulo chathu. Ndinaima nthawi yaitali dzanja lili pa loko, mawu a Amayi akulira m'khutu lina, a mlendoyo m'khutu linalo. Ndinaganiza kuti otenga aja sangadziwe Chichewa. Ndinatsegula.

Anali mayi wonenepa, wa duku lofiira ndi masilipasi aubweya, amene ndinkakumana nawo pa masitepe tikungopatsana moni wa Chingerezi. Dzina lawo linali Mayi Mwale. Ankakolopa m'maofesi m'bandakucha, choncho masana ankakhala pakhomo, ndipo khitchini yawo ndi yathu zinkasiyanitsidwa ndi khoma limodzi lopyapyala.

"Ndimakumva tsiku lililonse," anatero. "Poyamba ndinkayesa wailesi."

Anasuzumira pa boyila, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti zimenezo n'za eni nyumba. Kenako anandigwira dzanja n'kupita nane kwawo.

Kufunda kwa m'nyumba imeneyo ndimakumvabe pankhope. Munkanunkhira mafuta odzola ndi chiponde. Anandikhazika pafupi ndi rediyeta, n'kuviika mapazi anga m'beseni la madzi ofunda, ndipo magazi atayamba kuyenda zala zinandiwawa ngati zabayidwa ndi minga. Anandipatsa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi. Chichewa chawo chinali chachilendo, chachikalekale, chothira mawu a Chishona. Kuzizira ankakutcha chando, ine ankanditcha mwanangu. Anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, bambo awo atachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo iwo ku Malawi anali asanapondeko.

"Bwanji simunandiyankhule kale?" ndinafunsa.

"Manyazi. Chichewa changa n'cha pafamu. Ndinkati amayi ako andiseka."

Kenako anayamba kundifunsa za Ntcheu. Ndinawauza zimene ndinkaona pa windo la basi tikamapita ku Blantyre: milu ya mbatatesi ndi kabichi pa Lizulu, amayi othamangira basi mabeseni ali pamutu, ndi msewu umene mbali ina ndi Malawi, mbali ina Mozambique. Ankamvetsera tiyi wawo akuzizira m'manja. Ndinayankhula mpaka pakhosi panauma, ndipo tulo tinandiba pampando pomwepo.

Chinandidzutsa ndi dzina langa. Amayi anali atafika, n'kupeza nyumba ili zii, yamdima, mwana mulibe. Ankathamanga m'masitepe akuitana "Tamanda, Tamanda," ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, ong'ambika ngati a pamaliro. Mayi Mwale atatsegula chitseko, Amayi anandigwira n'kundimenya paphewa, kenako n'kundikumbatira mwamphamvu moti kiyi uja anandidinda pachifuwa.

"Zikomo, mayi," anatero. "Koma chonde, nkhaniyi..."

"Sindiuza munthu," anayankha Mayi Mwale. "Ana anga ndinawasiya ku Chegutu, ku Zimbabwe. Ndikudziwa."

Boyila inadzakonzedwa patapita masiku angapo, ndipo kuyambira pamenepo ndikaweruka ndinkalowera kwa Mayi Mwale. Koma sizinakhalitse. Mitengo itayamba kuphukira anapeza ntchito yogonera konko kwa gogo wina wachizungu, kumpoto kwa dzikoli. Anandisiyira masilipasi aja, amene anali aakulu kwambiri kwa ine. Anaimbako foni kangapo, kenako nambala yawo inasiya kugwira. M'fulati mwawo munalowa anyamata oimba nyimbo mokweza. Ndinabwerera ku kiyi wanga, koma pa kampando paja sindinakwerenso. Ndinali nditadziwa kuti khoma limamva, ndipo kuseri kwake kunalibenso womva Chichewa.

Lero ndili ndi banja langa ku Ilford. Chaka chatha amisiri anabwera kudzazula boyila ya gasi, n'kutiikira makina a magetsi amene amawatcha hiti pampu. Ndi chibokosi chokhala panja, chokhala ndi fani, chimene chimakoka kutentha mu mpweya wa kunja ngakhale kukuzizira, n'kukulowetsa m'nyumba. Palibe lawi, palibe utsi, palibe batani loti mwana adine. Chimangong'ung'udza chapansipansi tsiku lonse, ndipo mwana wanga Yankho akamachokera kusukulu amapeza nyumba ili yofunda kale. Amaponya chikwama pakhomo n'kundiyankha moni wanga m'Chingerezi. Kudikira kuti mapaipi atenthe sakudziwa, ndipo sindifuna kuti akudziwe.

Amayi anapuma pa ntchito, ndipo miyendo imawavuta. Atabwera kudzationa m'nyengo yozizira yapitayi, anayamba n'kugwira rediyeta ya pabalaza.

"Chafa ichi," anatero. "Akuberani."

Ndinawafotokozera kuti zamasiku ano sizitentha kwambiri, zimangofunda pang'onopang'ono osalekeza. Sanakhulupirire. Anakhala pampando jekete ili m'thupi, chikwama chili pamiyendo, ngati munthu wodikira basi. Ndinawapatsa tiyi.

"Kuntchito kuja marediyeta ankatentha mpaka tinkatsegula mawindo," anatero patapita nthawi, maso ali pa kapu. "Ine ndikadutsa pafupi ndinkachita kuwalambalala. Ndikawakhudza ndinkaganiza za iwe, ntchito n'kundikanika."

Zimenezi anali asanandiuzepo. Ndinawathirira tiyi wina. Anamwa pang'ono, kenako anamasula mabatani a jekete, n'kuivula, n'kundipatsa kuti ndikaikoleke.