Galimoto Yachikasu Imene Inamwa Madzi

Ine ndili ndi mtima wapachala. Amayi anga ankanena, mkazi wanga amanenabe, ndipo ine ndinkangoseka, ndikumati munthu wopanda mtima ndi mtembo. Kuno ku Doha, kumene wantchito amayenera kumeza mate n'kukhala chete, mtimawu unapweteketsa munthu amene sanandilakwire kalikonse.

Ndimagwira ntchito yaudalaivala pa nyumba ina ku Al Messila. Ndimaperekeza amadamu kogula zinthu, ndimatenga ana kusukulu, ndipo ndimatsuka magalimoto onse a pakhomopo. Abwana aakulu ndi munthu wofatsa, tsiku limatha osawamva mawu. Mwana wawo woyamba ndiye wina. Nthawi imene ndikunenayi anali atangobwera kumene kuchokera kusukulu kunja, ndevu zake zometedwa mosamala ngati wachita kujambula, ndipo antchito tonse tinkamutchula kuti bwana wamng'ono. Si munthu woipa, ndisamunamizire. Kungoti akamayankhula nawe maso amakhala pa foni.

Iyeyu ndiye anagwidwa ndi matenda a galimoto ya ku Italy, zija za mipando iwiri, zogwada pansi ngati fulu, zimene zikalira mawindo a nyumba amanjenjemera. Yatsopano bambo ake anamukaniza. Ndiye anayamba kusaka yoyendapo kale, ndipo kwa miyezi iwiri pakhomo panalibe nkhani ina. Ngakhale ine ankandionetsa zithunzi ndili pa chiwongolero, ngati ndinganenepo chanzeru. Galimoto yoti sunganyamulemo ngakhale thumba limodzi la chimanga ine sindinkaiona phindu, koma ndinkangovomera kuti ndi yokongola.

Anaipeza ku The Pearl, kwa mkulu wina wamalonda wochokera kunja, wokhala m'nyumba zosanja zija za m'mphepete mwa madzi. Tinapitako Loweruka m'mawa. Mwini wake anatilandira yekha n'kutitsitsira kunsi kwa nyumbayo, koimika magalimoto. Inali pakona, yachikasu ngati mango okupsa, yonyezimira moti ndinadziona nkhope pachitseko. Ndisabise, ndinaigomera. Zithunzi za pa foni zija zinkainyoza.

Pambali pake panaima bambo wina wachikulire, wakuda ngati ine, kachipewa koyera kumutu, kansalu kopukutira m'manja. Sindinawalabadire. Kuno anthu akuda ndi ambiri, ena a ku Kenya, ena a ku Uganda, ndipo sungamangolonjera aliyense. Mabwana awiri aja anayamba kuizungulira galimoto, akutsegula apa ndi apo, Chingerezi chikusakanikirana ndi Chiarabu. Foni yanga inalira. Anali mkazi wanga kumudzi, ndipo ndinamuyankha motsitsa mawu kuti ndili pa ntchito, ndiimbanso madzulo. Nditaika foni m'thumba ndinapeza madala aja akundiyang'ana.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" anatero.

Amene sanakhaleko kunja sangadziwe chimene mawu amenewa amachita m'thupi. Ndinawapatsa dzanja, lamanzere litagwira mkono, ndipo moni unayamba. Mmalawi mnzako sungam'patse moni wa mawu awiri n'kupitirira, makamaka wamkulu. Anandifunsa kwathu, ndinati ku Ntcheu. Iwo anali a ku Machinga. Tinafunsana za kunyumba, za mvula, za mtengo wa feteleza, za ndege imene aliyense anabwera nayo. Anandiuza kuti akhala kwa abwana awo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kwatsala chaka chimodzi chokha. Mwana wawo womaliza, wamkazi, anali pa kosi ya unamwino. "Akangomaliza ameneyu, khalas, zatha, ine ndikupita kukapuma," anatero, mano onse panja. Tinapatsana manambala. Moni wathu unatalika moti mwini galimoto anacheuka kawiri, kachiwiriko n'kufunsa moseka ngati ndife pachibale. Tonse tinavomera kuti inde.

Mabwana atawerama kuyang'ana injini, madala aja anandifunsa, "Ikagulidwa iyi, aziisamala ndani?"

"Ndine, bambo."

Anapinda kansalu kawo. Kenako anayankhula akumwetulira, ngati tikupitiriza nkhani ya mvula ija, kuti mabwana asadabwe.

"Ndiye ndikutsineni khutu, chifukwa ikadzafa adzaloza inu. Iyi inamwa madzi. Mvula ija ya last year, abwana analowa nayo mu underpass, msewu uja wodutsa pansi, madzi atadzaza, inazima pomwepo. Ku garage anaikonza, koma mawaya sanachire, nthawi zina ma-light amangoyaka okha. Ma-carpet ndinaumitsa ndine, two weeks, ndi dryer ya tsitsi ya amadamu. Fungo mukulimvalo ndi bukhoor, ndimafukizamo every morning."

Zinali zoona. Chitseko chitatsegulidwa munkatuluka fungo la lubani lija amafukiza m'nyumba za kuno, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi ulemu chabe.

"Koma musanene kuti mwamva kwa ine, wallah, ndikulumbira, mungandiphe," anapitiriza. "Inu mungonena kuti mukumva fungo la chinyezi. Akakweze carpet kunsi kwa mpando wa passenger, mabawuti ali ndi dzimbiri. Akadzionere okha."

"Musadandaule, bambo," ndinatero. "Ine sindine mwana."

Bwana wamng'ono anakaiyesa pamsewu, ndipo anabwerako nkhope ikuwala. Anagwirizana kuti Lolemba akaipimitse ku garaja kenako asinthe mapepala. Pobwerera kunyumba ndinayamba bwinobwino, monga momwe madala anandilangizira. Ndinati, m'Chingerezi changa cha pamsewu, galimoto ija ndi yabwino, koma ndamvamo kafungo ka chinyezi, mwina Lolemba makaniko akayang'ane kunsi kwa mipando.

Anaseka osadzutsa mutu. "Iwe ukudziwa chiyani za galimoto ngati imeneyi? Kwanu ziliko? Yendetsa, yalla, tiye."

Zikanathera pomwepo ndikanapirira. Koma anaimbira mnzake, n'kuyamba kumufotokozera kuti dalaivala wake wainunkhiza galimoto ya ku Italy ndipo wapeza kuti ikudwala. Ndinkamva mnzakeyo akufa ndi phwete pa foni. Njira inalipo, ndipo ndinkaiona. Ndikanadikira Lolemba n'kunong'oneza makaniko, dzimbiri likanayankhula lokha. Koma ine sindinkafuna za Lolemba. Ndinkafuna kuti aleke kuseka pompopompo, ndimuone pa kalilole nkhope itasintha.

Atangodula foni ndinati, "Si mphuno yanga yokha, bwana. Wandiuza ndi amene amaitsuka." Ndipo ndinakhuthula zonse, za madzi, za mawaya, za lubani, ndi za dryer ya amadamu zomwe, osasiyako kanthu.

Nkhope inasinthadi. Foni anaiika pansi, n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba. Ndiyenera kuvomera kuti ndinakondwa. Kuyambira pamenepo mpaka pa maloboti otsatira ndinkadzimva kuti ndine munthu. Maloboti atatiimitsa m'pamene nzeru zinabwerera. Ndinamupempha, mpaka kubwereza katatu, kuti asatchule madala aja, chifukwa angawachotsetse ntchito. Anandiyankha kuti mafi mushkila, kutanthauza kuti palibe vuto, maso atabwerera kale pa foni.

Lolemba tinakumana ku garaja ina ku Industrial Area. Madala kunalibe, mwini galimoto anabwera nayo yekha. Makaniko anailumikiza ku kompyuta, anaikweza m'mwamba, kenako bwana wamng'ono anamuuza kuti akweze kapeti kunsi kwa mpando. Dzimbiri linali pomwepo, lofiira pa mabawuti onse anayi. Mwini wake anakana kwamtuwagalu. Anati ndi madzi a kotsukitsa magalimoto, anyamata ake ndi osasamala. Anakangana nthawi ndithu, ine nditaima chapatali ndikupemphera kuti makaniko apeze umboni wina. Bwana wamng'ono anasunga lonjezo lake m'njira yake: dzina sanatchule, munthu sanaloze. Anangomwetulira n'kunena kuti akuyamikira dryer ya tsitsi ya akunyumba kwa mkuluyo, yagwira ntchito yotamandika.

Mkulu uja anasiya kuyankhula. Za dryer panalibe makaniko kapena kompyuta imene ikanazidziwa. Anatembenuka pang'onopang'ono kufunafuna, ndipo maso ake anaima pa ine. Ndinaona kuti wakumbukira moni uja.

Ine ndinkaganiza kuti bwana wamng'ono aisiya galimotoyo. Ayi ndithu. Chinsinsi cha madala chinangokhala ndodo yotsitsira mtengo. Anaigula tsiku lomwelo, motchipa kuposa momwe ankayembekezera, n'kuitumiza kwa akatswiri kuti akasinthe mawaya. Madzulo ake anandiyamikira pamaso pa bambo ake, kuti dalaivala wawo ndi wokhulupirika, ndipo anandipatsa magalasi a dzuwa okwera mtengo amene anali atatopa nawo. Ndinalandira ndi manja awiri. Wophika wathu, mayi wa ku Sri Lanka, anandifunsa chifukwa chake sindikudya pa tsiku loti ndatamandidwa, ndipo ndinamunamiza kuti ndi mutu.

Galimotoyo ilipo mpaka lero. Ndimaitsuka Lachiwiri ndi Loweruka, ndi sopo wake wapadera ndi nsalu zake zosakhudza galimoto ina. Bwana wamng'ono amaitulutsa mwina kawiri pamwezi, ndipo pa mahampu a m'dera lathu imakwawa chammbali ngati nkhanu, magalimoto a anthu wamba akuidikira pambuyo. Sinavutepo. Palibe amene anandilozapo chala pa chilichonse, ndipo chimenechi ndicho madala ankafuna.

Galimotoyo itagulidwa, sabata yonse ndinkatenga foni, kuyang'ana nambala ya madala aja, n'kuibweza m'thumba. Ndinkadzinamiza kuti mwina mkulu uja wangowakalipira basi, zaka zisanu ndi zinayi si masewera. Madala ndiwo anaimba, patapita masiku khumi. Anati abwana awo akansela visa, akukwera ndege Lamlungu, ndipo akugona kwa anzawo ku Al Thumama. Sakanachoka osatsanzika, anatero, ndiye ngati ndingapeze mpata Lachisanu akatuluka ku mzikiti tionane.

Ndinapita nditakonzeka kuulula. M'basi monse ndinkayeseza mawu. Ndinawapeza pa kamalo kena kogulitsira tiyi, atavala mkanjo woyera, ataitanitsa kale makapu awiri a karak, tiyi uja wamkaka wa kuno. Anaimirira pondilandira, munthu wamkulu ngati ameneyo. Anali atachepa thupi m'masiku ochepa omwewo.

"Abwana sanakalipe," anandiuza. "Angoti khalas, umayankhula kwambiri ndi m'bale wako. Passport, ticket, basi."

Ndinafunsa za mwana uja wa ku unamwino.

"Sindinamuuze. Ali pa mayeso mwezi uno, ndingamusokoneze. Ndikamuuza ndikafika." Anazunguza kapu m'manja. "Chaka chimodzi chokha, achimwene. Koma Mulungu ndiye amadziwa."

Apa m'pamene ndikanayankhula. Ndinatsegula pakamwa, koma iwo anandidula, n'kuika dzanja lawo pa langa.

"Ine ndikudziwa kuti inu simunanene. Anzanga kuno akuti mnyamata wa ku Ntcheu uja wakugulitsa, ine ndawakanira, mpaka tinayambana ndi wina. Ndinawauza kuti munthu ameneyu ndinamuona m'maso. Ndi makaniko anapeza dzimbiri lija, abwana angokumbukira kuti tinacheza nthawi yaitali. Wolakwa ndine. Ndinatalikitsa moni pamaso pa mabwana, ngati ndili pa msika kwathu."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali chinthu china choipa kuposa: mtima unali utayamba kupepuka poona kuti sakudziwa.

"Chimene ndakuitanirani ndi ichi," anapitiriza. "Ndinakusenzetsani katundu wolemera. Munthu wongokumana naye kumene, ine n'kumuuza za m'nyumba mwa abwana. Zikanavuta, inunso ntchito ikanakutherani, muli ndi ana aang'ono. Zimenezi zakhala zikundisowetsa mtendere, ndipo sindikufuna kukwera nazo ndege. Mundikhululukire, achimwene."

Anandigwirabe dzanja, akudikira. Ndinaganiza za anzawo aja amene anayambana nawo chifukwa cha ine. Ndinaganiza kuti ndikawauza zoona apita kwawo opanda ntchito komanso opanda ngakhale ichi chimodzi chimene ankachikhulupirira. Ndimakonda kudziuza kuti ndinakhala chete powamvera chisoni. Si zoona. Ndinkaopa kuona nkhope yawo.

"Palibe kanthu, bambo," ndinatero. "Ndakukhululukirani."

Anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kenako anatambasula manja awo pamwamba pa tebulo, pakati pa makapu a tiyi, n'kuyamba kundipempherera. Anandifunsa ana ndili nawo angati, ndipo anadalitsa mmodzimmodzi, ndi mayi awo, ndi ntchito yanga kuti ikhalitse. Atamaliza anandiyang'ana, ndipo ine ndinayankha kuti ameni.