Madzi a maswiti

Ndikukumbukira dzinja limene ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku komboni ya Kanyama m'nyumba ya zipinda ziwiri, ine, amayi ndi mng'ono wanga Neliya wa zaka zinayi. Mvula inali itadzaza zimbudzi mpaka zinasefukira m'njira, ndipo kolera inalowa m'komboni.

Sukulu isanatseke, aphunzitsi athu a sayansi anationetsa chodabwitsa. Anandandalika maswiti amitundumitundu m'mphepete mwa mbale yoyera, n'kuthira madzi otentha pang'ono. Utoto unasungunuka n'kuyenda m'mizere mpaka pakati, osasakanikirana. Ine ndinali mwana wokonda kudzionetsera, choncho ndinkafunitsitsa kuti Neliya adziwe kuti mkulu wake ndi wanzeru.

Mwayi unapezeka Khirisimasi itapita. Kutchalitchi anatigawira maswiti otsala, onyowa, omatirirana. Amayi ponyamuka kupita kumsika anandichenjeza kuti, “Manzi ya klorini mu ndowa ni yakumwa, si yoseweretsa. Na malasha osagwira, wamvera?”

Ndinamvera, koma mwauchitsiru. Ndowa sindinaikhudze, mbaula sindinayatse. Ndinakatunga pa kachitsime kosaya ka kuseri kwa nyumba, komwe tinkachapira zovala. Madziwo anali ozizira, akununkha matope, komabe utoto unayenda. Neliya anaomba m'manja.

“Ba sisi, nimweko?”

“Imwa, ni yonzuna,” ndinatero, n'kumugwirira mbale ndi manja angawa.

Patapita masiku awiri anayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza. Maso analowa m'kati, milomo inauma gwa. Amayi akumubereka kuti athamangire naye kuchipatala ananditembenukira.

“Anamwa chani mwana uyu?”

“Siniziba,” ndinayankha. Ndinaopa mkwapulo basi.

Neliya sanabwerere. Maliro a kolera salola mwambo: sitinamusambitse, sitinaone nkhope yake, ndipo anthu anabalalika mwamsanga.

Ndinasunga chinsinsicho mpaka ndinakwatiwa. Tsiku lina masana, ndikusambitsa mwana wanga woyamba, amayi anangoyamba okha kulankhula. Anati sabata imene ija klorini inali itatsala pang'ono m'botolo, ndiye ankathira madontho ochepa kuti ikhalitse. “Nine ninapaya mwana wanga,” anatero.

Ndinawauza zonse. Sanakuwe, sanandinyoze. Anangofunsa motsitsa mawu, “Zaka zonse izi, mwana wanga?”

Palibe angatsimikize madzi amene anatenga Neliya, poti komboni yonse inkamira m'zonyansa. Pa za chitsime ndimadzikhululukira pang'ono, ndinali mwana. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi bodza lija. Ndinkaganiza kuti pokhala chete ndikusenza ndekha chilango changa, osadziwa kuti mlanduwo ndinautula pamutu pa amayi. Ndinathawa mkwapulo wa tsiku limodzi, ndipo iwo anakalamba akudziyesa wakupha mwana wawo.