Mtengo wa Masikudo Tinaumanga Nandolo Asanachite Maluwa

Kwathu ku Limbuli ndalama zinali za mitundu iwiri, ndipo pa ziwirizo panalibe yoti n'kuikhulupirira. Tsidya lino la Muloza tinkagwira masheleni a Angerezi. Tsidya linalo, kwa Apwitikizi kumene anachokera makolo athu, kunali masikudo. Nandolo wanga ndinkakagulitsa tsidya linalo, ku kantina ya Mpwitikizi wina amene ankagula bwino kuposa masitolo a kuno, ngakhale sikelo yake ndinkaiyang'ana monga umayang'anira galu wa eni ake. Chovuta chinali chakuti boma la kuno silinkalandira masikudo pa msonkho. Mwamuna wopanda chiphaso cha msonkho amesenjala ankamumanga chingwe m'chiuno n'kupita naye ku boma, ndipo ankabwerako mvula itagwa kale, munda uli tchire.

Izi zinali zaka za Chitaganya, ine ndili kale ndi zidzukulu. Bambo a ana anga ankathyola tiyi ku esiteti miyezi ya dzinja, koma malipiro awo ankathera pakati pa ofesi ndi nyumba, poti njira imeneyo inali ndi mabwalo a mowa ambiri. Choncho msonkho unkalembedwa dzina lawo, koma wotuluka nawo thukuta ndinali ine. Sikuti ndinkawamvera chisoni. Ndinkafuna khasu lawo m'munda nthawi yogalauza, basi.

Tsono nandolo amauma nthawi yomwe Apwitikizi ankalipira anthu awo ndalama za thonje, nthawi yomweyonso amesenjala ankayamba kuyendayenda m'midzi. Aliyense masikudo ali m'manja, aliyense akufuna masheleni. Osintha ndalama a pamsika, anthu oti dzinja lonse amakupatsa moni wogwada pofuna masikudo, nthawi imeneyo ankakuyang'ana ngati wabwera kudzapempha moto. Mtengo ankautchula okha, lero wina, mawa wotsikirapo. Chaka china masikudo a munda wonse analephera kukwana msonkho wa munthu mmodzi, mpaka ndinagulitsa nkhuku zanga zonse.

Nzeru yake ndinaitola pa mowa, ngakhale ine sindimwa. Mphwawo wa amuna anga anali kalaliki ku esiteti, mnyamata wa cholembera kukhutu, wokonda kuti anthu adziwe kuti iye amalowa m'chipinda cha azungu. Tsiku limenelo ankafotokozera amuna anzake kuti kampani yaitanitsa makina a fakitale ku dziko lina lakutali kumene sadya mapaundi. Makinawo adzalipiridwa sitima ikadzafika ku Beira, miyezi yambiri kutsogolo. Ndiye bwana wamkulu, poopa kuti ndalama ya dziko limenelo ingadzakwere sitima ili panyanja, wapita kale ku banki ku Blantyre kukapangana mtengo wake lero. Ikadzakwera, yaluza ndi banki. Ikadzatsika, kampani idzalipirabe mtengo wapanganowo, koma bwana akugona tulo. Amunawo anaseka, amati mzungu wagula mbalame ili m'mwamba. Ine ndinali kuseri ndikusenda chinangwa cha makaka, ndipo sindinaseke nawo. Anthu oseka aja onse ndinali nditawaonapo akuthawira m'tchire atamva kuti amesenjala ali pafupi.

Pamsika panali mwini sitolo wina, wobwera ku Joni, amene ankagulitsa mchere, sopo ndi nsalu zomwe ankakapikula ku kantina komwe kuja. Ameneyo masikudo ankawafuna chaka chonse. Ndinamupeza dzinja lili pakati, nandolo asanachite n'komwe maluwa, n'kumuuza kuti timange mtengo lero: masikudo onse a nandolo wanga adzakhala ake, iye adzandipatsa masheleni pa mtengo umene tigwirizane pano, zivute zitani. Anavomera msangamsanga, ndipo kufulumira kwakeko kunandiuza zimene ankaganiza. Mvula inali itadula masiku amenewo, chimanga chikufota. Iye ankawerengera njala, kuti anthu adzakhamukira tsidya linalo kukagula chakudya, masikudo n'kudula ngati golide, iye n'kumadzatenga anga motchipa. Munthu wopempherera njala kuti apindule, koma Lamulungu amakhala mpando wakutsogolo.

Kampani inali ndi banki ndi mapepala. Ine ndinalibe zimenezo, ndipo pakamwa pa munthu wa sitolo si poika moyo wa banja. Ndinati tisinthane chikole pamaso pa mboni, aliyense asunge chinthu cha mnzake, wothawa pangano chake chapita. Mboni zinali achimwene anga, eni mbumba yathu, ndi mkulu wina wa mpingo. Ine ndinapereka mbuzi yanga yaikazi, inali ndi bere. Ndinafuna njinga yake, iye anakana, amati ndi miyendo ya sitolo. M'malo mwake anatulutsa galamafoni imene anabwera nayo ku Joni, chinthu chimene msika wonse unkachidziwa chifukwa ankachitchula pa nkhani iliyonse, ngakhale pa maliro. Anachita kuipukuta ndi mpango pondipatsa, maso ali ngati akupereka mwana.

Ndinaikulunga m'chiguduli n'kuipachika kudenga. Amuna anga anandinyengerera dzinja lonse kuti aiyimbitse kamodzi kokha anzawo amve. Ndinakana. Chinthu cha chikole sakhudza. Ukangochigwira wapatsa mwini wake ponamizira. Zidzukulu ndinaziuza kuti muli njoka.

Mvula inabwerera, chimanga chinachira, njala ya mwini sitolo sinabwere. Thonje tsidya linalo linachita bwino, ndipo pofika nthawi yomenya nandolo masikudo anali mbwee, osintha ndalama akuchita kuwakankha ndi chala. Ndinasenza nandolo wanga ku kantina, ndinabwerako, ndinapita ku sitolo ndi mfundo yanga ya masikudo pansalu. Ndinampeza akuyeza mchere, ndipo anapitiriza kuyeza ngati pakhomo paima mthunzi.

"Mayi, masheleni avuta chaka chino," anatero. "Ingosungani galamafoni ija. Pangano lathu linali lomwelo, wolephera chake chapita. Ine ndalephera."

Munthu sataya chinthu chimene amachitchula pa maliro ali nkhope yowala choncho. Ndinabwerera kunyumba, ndinatsitsa chiguduli, ndinauza amuna anga kuti lero lokha apukuse. Anapukusa mokondwa. Chogwirira chinkangozungulira chopanda mphamvu ngati mwendo wa nkhuku yakufa, mbale ya nyimbo osayenda. Sipuling'i ya m'kati inali yoduka, ndipo poduka pake panali dzimbiri lakalekale. Pamene mbuzi yanga, kukhola kwa mwini sitolo, inali itaswa mapasa.

Ndinapita kwa mboni zanga. Achimwene anayamba kukanda m'mutu, amati nkhani za malonda zimafuna kuziona bwino, mwina amuna anu anaigwira inu muli kumunda. Ndinaona fodya amene ankasuta, sanali wa m'munda mwawo, anali wa m'sitolo. Mkulu wa mpingo anati iye akukumbuka kuti panali mbuzi ndi galamafoni, koma za kulira kapena kusalira kwa galamafoniyo sanaitanidwire zimenezo. Kalaliki uja atamva anaseka mpaka kutsokomola, amati alamu afuna kuchita za kampani alibe loya. Azimayi a pachitsime, omwe aja ankabwereka mchere kwa ine, ankati nzeru zachuluka zamupweteka.

Nthawi imeneyo mbiri inali itafika kuti amesenjala ali pa Chinakanaka, akubwera chakuno. Ndikanasintha masikudo anga pa mtengo wa pamsika, msonkho sukanakwana. Amuna anga anali atamanga kale kamtolo, ati akabisale ku Likhubula kwa anzawo onyamula matabwa m'phiri mpaka zinthu zitazizira. Ndinawadziwa: akakwera phiri limenelo adzatsika chimanga cha anzathu chili m'mawondo. Ndinawalanda kamtoloko n'kukhalira.

Tsiku la msika ndinasenza galamafoni pamutu, mbale zake m'dengu, n'kukakhala pakhonde la sitolo, pakhomo penipeni poti wolowa andilambalale. Sindinatukwane munthu. Aliyense wobwera ndinkamupatsa moni mwaulemu, n'kumupempha kuti apukuseko galamafoni ya ku Joni amve kukoma kwake. Ankapukusa, chinthu chili duu. Ndikatero ndinkamuonetsa dzimbiri, n'kumuuza za mbuzi, za mapasa ndi za mtengo umene tinamanga. Ambiri ankangoseka n'kulowa kukagula sopo wawo. Anthu ndi otero. Koma panali amuna ena amene ankasungitsa ndalama zawo kwa mwini sitoloyo akamapita ku migodi, kuti azipatsa akazi awo pang'onopang'ono. Amenewo sanaseke. Anaima pabwalo n'kumanong'onezana, mmodzi n'kulowa kukafunsa ngati angaone ndalama zake lero lomwe.

Dzuwa lisanafike pamutu anatuluka mkazi wa mwini sitolo, amene mpaka tsikulo sankandiyankha moni.

"Anganga, lowani tikambirane m'nyumba, pano pali fumbi."

"Fumbi ndalizolowera, mwanangu. Pangano tinapangira pakhonde pano, masheleni abwere pomwe pano."

Anabwera nawo mwini sitolo mwini wakeyo, nkhope ili gwa, n'kuwaika pa mphasa imodziimodzi ngati akuzula mano ake. Anali a mtengo wa dzinja uja, osachotsapo. Ndinaluma iliyonse, poti munthu wopereka galamafoni yakufa akhoza kuperekanso sheleni yamtovu. Kenaka anati mbuzi nditenge, koma kamwana kamodzi katsala, ndi malipiro a udzu umene mbuziyo yadya kwake. Achimwene anga, amene anatulukira nthawi yomweyo ataona kuti nkhani yatha, anati zimenezo n'zachilungamo. Udzu wa Mulungu, womera wokha m'mbali mwa msewu. Ndinayang'ana masheleni, ndinayang'ana msewu wa ku Chinakanaka, ndinasiya kambuziko. Kanali kakakazi, ndipo anasankha dala.

Msonkho ndinakapereka ndili nawo limodzi amuna anga, ndalama zili m'manja mwanga mpaka pa tebulo la kalaliki wa boma, chifukwa njira ya kumeneko nayonso inali ndi mabwalo a mowa. Amesenjala atafika m'mudzi anatenga amuna angapo, ena mwa iwo omwe aja ankaseka mzungu wogula mbalame ya m'mwamba. Bambo a ana anga anaima pakhomo chiphaso chili m'thumba la malaya, chikuonekera dala, akuuza aliyense wodutsa kuti munthu wanzeru amakonzekera msonkho dzinja lisanathe. Ndinawasiya anene. M'mawa mwake ndinawadzutsa n'kuwapatsa khasu, ndipo munda wonse wa kumtunda anaugalauza okha, ine nditakhala pachulu ndikuwayang'ana kuti asadumphe mizere.