Nambala ya Mkulu wa ku Vubwi

Amesenjala awiri anafika pasukulu pathu, kufupi ndi Sinda, Lachiwiri m'mawa mu Febuluwale 1915. Ndinali mphunzitsi wa mishoni, ndipo anandipeza ndikuphunzitsa kuwerenga. Anaodira mwaulemu ngati anthu odzapala moto, mmodzi nati, "Aphunzitsi, mwaitanidwa ku boma." Ndinapempha kukatsanzika mkazi wanga, amene anali kumunda atabereka mwana wathu wamkazi. Anati palibe chifukwa, pofika Loweruka la sabata yamawa ndikhala nditabwerako.

Mlandu wanga unali kalata. Msuweni wanga wa ku Nyasalandi anandilembera kupempha buku la nyimbo, ndipo masiku amenewo boma linkaopa makalata ochokera kumeneko, poti kunali kutangobuka chipolowe choukira azungu. Masiku atatu mzungu anandifunsa, kudzera mwa womasulira, kuti mawu akuti nyimbo akubisa chiyani. Ine ndinkayankha kuti nyimbo ndi nyimbo. Tsiku lachitatu anaitana msilikali wa chikoti, ndipo sabata yonse yotsatira ndinkagona chafufumimba.

Ananditsekera kuti ndidikire kuweruzidwa. Anandipatsa malaya a akaidi okhala ndi kachitsulo pachifuwa, ka nambala 42. Msilikali wamkulu anagogoda kachitsuloko ndi chala nati, "Dzina lako walisiya panja. Muno timaitana ichi."

Mu Meyi anabweretsa mkulu wina wa ku Vubwi, amene anamugamula zaka ziwiri chifukwa chothawa mtengatenga, ntchito yonyamula katundu wa nkhondo. Nambala yake inali 67. Malaya amene anamupatsa anali zibowo zokhazokha, ndipo ankatsokomola mpaka kugwira khoma. Pofika Julayi mphepo inakula, ndipo ndinamuuza kuti tisinthane, poti anga anali athunthu. Anakana kawiri, akuti ndidzazizidwa ndine, koma kachitatu anavala. Ndicho chinthu chabwino chokha chimene ndinachita m'ndende muja, ndipo ndinene zoona, pali zaka zimene ndinadana nacho.

Anamwalira patapita masiku anayi, malaya anga ali m'thupi. Anamunyamula ife tikuswa miyala. Madzulo poitana manambala ndinafotokoza kuti 42 ndine. Msilikali anayang'ana pachifuwa panga nati, "Chitsulo sichinama. 42 tamukwirira masana." M'mawa mwake ndinabwerezanso, ndipo anandiyankha ndi chikoti. Kuyambira pamenepo ndinkavomera 67. Ndinkadziuza kuti ndi zapabwalo la ndende chabe, kuofesi kuli anthu odziwa kulemba.

Ananditulutsa mu Meyi 1917. Ndinayesa kuti mlandu wa kalata uja autaya, ndipo ndinayenda masiku anayi ndikuimba ngati chitsiru.

Nditalowa m'mudzi, apongozi anga anatola dothi nandiwaza nalo kumaso, kuti aone ngati ndine munthu kapena mzukwa. Anandiuza kuti mesenjala anabwera chaka chomwe chija kudzanena kuti ndamwalira. Analira maliro, anameta, abale anga anamusudzula mkazi wanga, ndipo iye anakwatiwa ndi mwamuna wina. Ndinamupeza ali ndi pakati. Anagwada patali, maso pansi, nati, "Tinakulirani, bambo ake a mwana. Sindinakusiyeni dala." Mwanayo anabisala kumbuyo kwake. Sindinapeze womukwiyira, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chikoti.

Chimene chinanditsalira chinali uphunzitsi. Ku mishoni ndinapeza abusa atsopano osandidziwa. Anati sangaike munthu wotuluka m'ndende patsogolo pa ana asanaone zimene khoti linalemba za iye. Sindinawaone kulakwa. Anandilembera kalata yopempha boma kuti linditsegulire buku la milandu, pakuti munthu wakuda wopanda kalata ya mzungu sankaloledwa ndi pakhonde pomwe. Ndinabwereranso njira yomwe ija, mtima uli m'malo, chifukwa ndinkadziwa kuti palibe woweruza amene anandipeza wolakwa.

Ndinadikira pakhonde masiku awiri. Tsiku lachitatu kalaliki, bambo wachikulire wochokera cha ku Katete, anandilowetsa m'kachipinda ka mabuku. Mabukuwo anali pa thandala limene miyendo yake anaiika m'zitini za phulusa kuopa chiswe. Ndinamutchulira dzina langa, iye napukusa mutu. Anati mabukuwo sayenda ndi maina, chifukwa a Phiri ndi a Banda okha angadzaze chipinda. Amayenda ndi chaka ndi nambala. Ndinati 1915, nambala 42.

Anatsegula, natsitsa chala pang'onopang'ono, naima. Kenaka anatembenuzira bukulo kwa ine kuti ndiwerenge ndekha. Dzina linali langa, mudzi wanga, ntchito yanga. Kumapeto kwa mzere analemba kuti ndinamwalira m'ndende mu Julayi 1915, ndipo mlandu unatsekedwa usanaweruzidwe. Amene analemba anali ndi dzanja labwino, ndikanakhala mphunzitsi wake ndikanamuyamikira. Tinayang'ananso 67. Buku linati mkulu uja anamaliza zaka zake ziwiri, natuluka ali bwino.

Ndinamufotokozera za malaya aja, ndi kumupempha kuti akonze. Anadzuka, natseka chitseko, nakhalanso pansi.

"Kukonza ndingakonze, aphunzitsi," anatero motsitsa mawu. "Koma 42 akauka, mlandu wake nawo uuka, pakuti sunaweruzidwe. Lero lomwe mugona m'ndende. Zaka ziwiri zija musaziwerengere, amene anazigwira ndi 67."

Ndinamufunsa kuti kuweruzako kungachitike liti. Anati sakudziwa, nkhondo ikadalipo. Ndinamufunsanso ngati angandipatse pepala lililonse loti ndikaonetse abusa. Anati pepala limene angalembe ndi lonena zimene zili m'buku, ndipo mishoni silemba ntchito munthu wakufa.

Kuchokera m'chipindamo ndinkamva nyundo za akaidi kuseri kwa mpanda. Ndinafuna kulimba mtima, koma msana wanga unakana. Ndinapinda kalata ya abusa, ndinathokoza kalalikiyo, ndipo iye anabweza buku pamalo pake osalembamo kanthu.

Sindinapite ku Sinda. Ndinalunjika ku Vubwi, chifukwa ndinazindikira kuti kumeneko palibe amene anatumizako uthenga. Ndinapeza mkazi wa mkulu uja atafolera nyumba mwatsopano, akudikira mwamuna wake. Ndinamuuza, ndipo ndinakhala nawo pamaliro amene anachedwa zaka ziwiri. Abale ake anandipatsa kamunda, ndipo ndikulima komweko mpaka lero. Choko sindinachigwirenso.

Anthu amati ndine mfulu, ndipo n'zoona. Palibe mesenjala amene amandifunafuna, ngakhale m'kaundula wa mudzi mulibe dzina langa. Ufulu wangawu ndi wa munthu amene boma linathana naye, ndipo umandilola kupita kulikonse kupatula kumene ndinkafuna kubwerera.

Chaka chatha, 1928, mwana wanga uja analowa kalasi ya ubatizo. Anayenda ulendo wonse kudzandiona, ali mtsikana wamtali wofanana ndi mayi anga. Anandiuza kuti akulu a mpingo, potsata zimene boma linanena kale, analemba m'buku lawo kuti bambo ake anamwalira. Anandifunsa ngati akawauze kuti akonze, poti buku la mpingo si la boma. Koma ine ndikudziwa kuti mabuku amafunsana.

"Asiyeni, mwana wanga," ndinatero. "Akakufunsani, muzivomera."