Anatema mlamu wawo chifukwa cha ine

Ndinayamba uphunzitsi ndili ndi zaka makumi awiri, dziko lathu litangolandira kumene ufulu. Masiku amenewo tauni ya Chipata inkatchedwabe dzina la mzungu, ndipo aphunzitsi ankasowa kwambiri moti nditangomaliza maphunziro anandipatsa sukulu ya kumudzi, cha ku Kasenengwa. Atate anali kalaliki pa ofesi ina m'tauni, munthu wophunzira ku mishoni, ndipo ankanyadira kuti mwana wawo wamkazi aziima kutsogolo kwa kalasi. Ndi iwo amene anandipatsa njinga yawo yakale, yachimuna, kuti ndizibwera kudzawaona. Amayi sanasangalale nazo. Ankati mtsikana sayenda yekha mtunda wotalika chotero, koma atate ankawayankha kuti dziko ndi lathu tsopano, palibe angaopseze mwana wawo pa msewu wa kwawo.

Choncho pakatha milungu iwiri ndinkapalasa kupita kwathu Lachisanu, n'kubwerera Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi. Ndinkatsata msewu waukulu wafumbi, kenako n'kukhotera njira yachidule yodutsa m'minda ya thonje ndi mtedza, yotsikira kudambo kumene kunali kamlatho ka mitengo. Miyezi isanu ndinayenda popanda chovuta. Amuna ena ankandiimbira mluzu, ena ankafunsa ngati ndili pabanja. Ndinaphunzira kusaima ndikaitanidwa, ndiponso kumanga chitenje pamwamba pa diresi ndisanatuluke m'tauni.

Tsikulo linali Lamulungu, nyengo yokumba mtedza, dzuwa litangopendeka pang'ono. Potsetsereka kulowera kudambo ndinaona mwamuna ataima pambali pa kamlatho kaja, atatsamira ndodo. Ndinamuzindikira. Ankakonda kukhala pakhonde pa golosale ya pamphambano, ndipo nthawi zambiri ankandipatsa moni waulemu, kunditchula kuti aphunzitsi. N'chifukwa chake sindinabwerere. Ndinangoliza belu kuti apatuke.

Sanapatuke. Nditafika pomwe anaimapo analowetsa ndodo ija m'masipoko a teyala la kutsogolo. Njinga inaima mwadzidzidzi, ine n'kuuluka pamwamba pa mahandulo, kukamenyetsa pakamwa pa mtengo wa mlatho. Ndinamva chinthu chikuthyoka m'kamwa, ndipo polavula ndinaona dzino langa la kutsogolo lili m'magazi. Ndisanadzuke n'komwe anandigwira tsitsi n'kuyamba kundikwekweza kulowa nane m'tsekera. Ziputu zinkanding'amba miyendo. Nditakuwa, anandikanikiza pamimba ndi bondo mpaka mpweya unatha. Ankanunkha kachasu. Anandiuza motsitsa mawu kuti ndikakuwanso andipha n'kundikwirira m'matope, ndipo palibe adzadziwe kumene ndinathera.

Sindidziwa kumene ndinatenga mphamvu. Pamene ankang'amba diresi langa ndi dzanja limodzi, linalo atanditseka nalo pakamwa, ndinamuluma pachikhatho ndi mano otsalawo mpaka ndinamva mnofu ukulekana. Anandimenya chibakera padiso lakumanzere, china pakhutu, kenako anandikanyanga pakhosi ndi manja onse awiri. Ndinayamba kuona mdima masanasana. Ndimakumbukira kuti ndinaleka kuganiza zothawa, ndinkangodzifunsa kuti amayi akawauze ndani.

Kenako ndinamva mawu a munthu wamkazi pafupi penipeni.

"Alamu, musiyeni mwanayo."

Sanakuwe ayi. Analankhula ngati akuitanira munthu chakudya. Mwamuna uja anacheuka osandisiya, n'kuwatukwana, kuwauza kuti abwerere kudimba kwawo ngati safuna kuona zomwezi. Mayiwo anabwereza mawu omwewo kamodzi kokha. Ndiye ndinaona khasu likutsika. Linamutema paphewa, pafupi ndi khosi, ndipo linamveka ngati potema thunthu la nthochi. Magazi ake anandiwazikira kumaso. Anagubudukira kumbali akubuula, nayesa kudzuka kuti awalande khasulo, koma iwo analitembenuza n'kumumenya ndi kumbuyo kwake pamutu. Anagwa chafufumimba m'matope, osagwedezekanso.

Anali mayi aafupi, azaka ngati makumi atatu ndi zisanu, kolona m'khosi, mwana akulira kumbuyo. Anandidzutsa, navula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa. Anandiuza kuti anabwera kudimba mozemba kudzakumba mbatata za ana, popeza linali tsiku la Mulungu, ndiponso kuti munthu wagonayo ndi mng'ono wa amuna awo. Tisanachoke anamutembenuza ndi phazi kuti nkhope yake isakhale m'madzi. Mudzi wawo unali pafupi, utsi wake tinkauona, koma anakana kupita nane kumeneko. Tinayenda mtunda wonse mpaka kusukulu, iwo akukoka njinga yopindikayo, ine nditagwira khosi langa, osatha kumeza ngakhale malovu.

Aphunzitsi aakulu anatumiza uthenga kutauni, ndipo m'mawa mwake atate anabwera pa lole ya thonje n'kupita nane kuchipatala, kenako kupolisi. Mwamuna uja sanafe. Abale ake anakamutola kudambo n'kupita naye kuchipatala chomwecho, akunena kuti wavulala pogwetsa mtengo.

Wapolisi amene ankalemba mawu anga anandifunsa zimene ndinavala tsikulo, ndiponso kuti diresilo linkafika pati. Anafunsa ngati munthuyo ndinkamudziwa, ngati ndinayamba ndamumwetulira pagolosale paja. Pomaliza anatembenukira kwa atate n'kuwafunsa chifukwa chimene munthu wophunzira ngati iwo ankalolera mwana wamkazi kuyenda yekha m'tchire pa njinga ya amuna. Atate anangoyang'ana pansi, akuzunguza chipewa m'manja. Zimenezo zinandiwawa kuposa mabala.

Patapita masiku anayi kunabwera akuluakulu atatu a kumudzi kwa mwamuna uja, akukoka mbuzi. Anakhala pakhonde pathu n'kupempha kuti nkhaniyi ithere pakhomo. Anati mwana wawo analedzera, walangika kale, ndipo kukhoti amene akachite manyazi ndi ine, mwinanso sindidzapeza banja anthu akamva. Ine ndinali m'chipinda, ndikumva zonse pawindo. Atate ankamvetsera mwachifatse, ndipo pa mayankhidwe awo ndinadziwa kuti ayamba kufewa. Pamenepo amayi, omwe aja ankakana za njinga, anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula munsi. Anamenya nawo mpando umene mkulu wina anakhalapo mpaka mwendo wa mpandowo unathyoka, mkuluyo n'kugwa chagada.

"Tengani mbuzi yanu," anatero amayi. "Mwana wanga sasinthanitsidwa ndi chiweto. Tikaonana kukhoti."

Akuluakuluwo ananyamuka osatsazika. Atate ndi amayi anatha masiku awiri osalankhulana, koma za mbuzi sizinatchulidwenso.

Mlandu wonse unadalira mayi ondipulumutsa aja, chifukwa panalibe mboni ina. Tsiku la mlandu ndinkaganiza kuti sabwera, ndipo sindikanawaimba mlandu. Koma anabwera, mwana kumbuyo. Diso lawo limodzi linali litatupa mpaka kutsekeka, mlomo utang'ambika, dzanja lamanja atalikulunga ndi nsanza. Woweruza atafunsa chimene chinawachitikira, anayankha kuti anagwa pochokera kuchitsime. Panja ndi pamene anandiuza zoona. Amuna awo anawamangirira pa mtengo wa mango n'kuwakwapula ndi tcheni cha njinga, apongozi awo akuonerera, kuti asayerekeze kukaneneza mbale wawo. Komabe anaima pamaso pa khoti n'kufotokoza zonse mwatsatanetsatane, kuyambira pamene anamva kukuwa kwanga, ndipo nthawi yonseyo ankamutchulabe kuti alamu. Mlamu wawoyo anakhala apo mkono uli lende. Mkonowo sunadzagwirenso ntchito. Woweruza anamulamula kukakhala kundende zaka zingapo.

Mayiwo sanagonenso m'mudzi muja. Pobwerera anapeza miphika ndi zovala zawo zitaponyedwa panja, chitseko chitatsekedwa. Popeza anawalowola ndi ng'ombe, ana atatu aakulu anatsala kwa bambo awo. Anangololedwa kuchoka ndi wa kumbuyo uja. Anabwerera kwawo, kufupi ndi malire a ku Mwami.

Ine ndinapempha kuti andisamutsire sukulu ya m'tauni, ndipo anandilola. Kwa chaka chathunthu sindinkatha kudutsa mwamuna ataima yekha panjira popanda mantha. Nthawi zina ndinkabwerera n'kukadikira amayi ena kuti ndiyende nawo. Aphunzitsi anzanga aakazi atamva nkhani yanga anayamba kundinong'oneza zawo, wina zinamuchitikira kumbuyo kwa lole, wina panjira ya kuchigayo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kupolisi.

Patatha zaka ziwiri ndinalimba mtima n'kukwera basi ya ku Mwami kukawafuna mayi aja. Ndinawapeza pambali pa msewu akugulitsa nthochi ndi mtedza wokazinga kwa madalaivala a malole odikira kuwoloka malire. Anali ataonda, ndipo zala ziwiri za dzanja lija zinali zopindika. Anandizindikira ndisanalankhule, nandiyalira thumba kuti ndikhalepo. Titacheza za kwathu, ndinawafunsa funso limene linkandivutitsa zaka zonsezo, ngati sadandaula kuti anataya banja ndi ana chifukwa cha munthu amene sankamudziwa. Anaingitsa ntchentche pa nthochi.

"Aphunzitsi, simunali woyamba inu," anatero. "Anachitapo zomwezo kwa mtsikana wina wa m'mudzi momwemo. Tonse tinadziwa, tinangokhala chete. Mtsikanayo anadzimangirira. Ine ndinasambitsa nawo maliro ake."

Tili chikhalire choncho kunabwera mtsikana wazaka ngati khumi ndi zitatu atasenza ndowa ya madzi, tsitsi lake litangoyamba kumera. Anagwada n'kundipatsa moni. Mayiwo anati ameneyu ndi mwana wawo woyamba, ndipo anafika mwezi wathawo. Anathawa kwa bambo ake chifukwa mkazi watsopano ankamumenya ndi chikuni tsiku ndi tsiku. Podziwa zimene zimachitika panjira, anadzimeta mpala ndi lezala, navala kabudula ndi shati ya mchimwene wake kuti anthu azimuyesa mwamuna. Anayenda wapansi masiku awiri kuchokera ku Kasenengwa, kudutsa m'tauni, osafunsa njira kwa mwamuna aliyense, koma kwa amayi okha ogulitsa pamsewu.

Mayiwo anandiuza kuti atamuona ataima pakhomo, fumbi lokhalokha, sanamukumbatire. Anathyola kamtengo n'kumukwapula miyendo, akulira, akumufunsa kuti ndani anamuuza kuti ayende yekha mtunda wonsewo. Anasiya anansi atawagwira. Kenako anatenthetsa madzi, namukhazika pamphasa n'kuyamba kumuchotsa minga m'mapazi ndi singano. Bambo ake anatumiza anthu kawiri kudzamutenga, koma alongo awo a mayiwo anawabweza.

Mtsikanayo ndinadzamutenga chaka chotsatira kuti aziphunzira m'tauni akukhala kwathu, ndipo anakhala nafe zaka zinayi. Ana awiri otsalawo, onse aamuna, mayi awo anadzawaonanso atakula kale. Wamkuluyo anabwera ku Mwami atakwatira, kudzawaonetsa mdzukulu. Wamng'onoyo anabwera kamodzi, anakana kulowa m'nyumba, ndipo anabwerera tsiku lomwelo.