Magazi Akutayika, Ife Tikufunsana za Mpingo

Sabata ino ndilibe nthabwala, awerengi anga. Amene mumayembekeza kuti ndikuseketseni ndi za njinga yanga yopanda mabuleki, pepani. Ndikulemba ndili wokwiya, ndipo sindikufuna kuti mkwiyowu uzizire ndisanamalize.

Mukudziwa kuti ine ndine mmisiri womanga ndi njerwa. Chiyambire chilimwe chino tili cha ku Nsaru, tikumanga shedi yaikulu yosungiramo fodya. Mwini kontirakiti amakhala ku Lilongwe, amangobwera mwa apo ndi apo. Amene amatiyang'anira tsiku ndi tsiku ndi kapitawo wathu, a Mbewe.

Pafupifupi tonse ogwira ntchito pamenepa ndife Akhristu, koma a mipingo iwiri. Mayina a mipingoyo sindiwatchula, chifukwa mlanduwu ndi wa anthu, si wa mipingo. Tchalitchi china chili pamtunda, china chili kutsidya kwa dambo. Ine ndine wa Pamtunda. Ndinabatizidwa komweko, ukwati wanga unadalitsidwa komweko, ndipo a Mbewe ndi mkulu wa mpingo wathu womwewo. Ndiye musaganize kuti ndikunena za adani. Ndikunena za kwathu.

A Mbewe amabwera ku ntchito atavala jekete loyera, ndipo limabwerera kunyumba lili loyera chomwecho. Chiyambire sindinawaonepo atagwira njerwa. M'mawa amatiitana ife a Pamtunda kuti tipemphere pansi pa mtengo wa muwanga, a Kutsidya ataimirira poteropo ngati mbuzi za eni. Pemphero likatha amagawa ntchito. Za pamwamba, za ulemu, zogwira ndi zida zoyezera khoma, sikweya ndi levulo, ndi za ife. Kuponda dothi, kusenza njerwa, kukumba maenje, ndi za a Kutsidya. Ngakhale pamgolo wa madzi akumwa pali zikho ziwiri. Palibe analamula poyera kuti zikhale ziwiri, koma aliyense amadziwa chake.

A Kutsidya nawo si oyera ayi. Pakati pawo pali a Gabiriyele, amene kumudzi kwawo amaphunzitsa ana mapemphero. Iwo akamanena za ife amati "osochera aja." Wina wa kwawo akangoseka ndi wa kwathu, amamuyang'ana diso loipa mpaka kuseka kuja kuthe.

Lachiwiri lapitali inali nthawi yokweza chimtengo cha bulugama chogwira denga lonse. Ndi mtengo wolemera, wofuna manja a aliyense amene ali pamalopo. Kalipentala wathu, a Yosofati, bambo wofatsa wa mpingo wathu, anapempha kuti anthu onse asiye zimene akuchita abwere adzathandize. A Mbewe anakana. Anati dothi liuma, a Kutsidya apitirize kuponda, a Pamtunda tilipo okwanira.

Sitinali okwanira. Mtengo utafika pamwamba pa khoma unatilemera, unapendekera mbali imodzi, n'kukankha nsanja imene a Yosofati anaimapo. Luzi lomangira nsanjayo linaduka. A Yosofati anagwera pamulu wa malata amene anali atatsamira kukhoma. Lata linawang'amba ntchafu, ndipo fupa tinalimva tonse likuthyoka.

Ndinavula malaya n'kumanga ntchafuyo ndi mphamvu zanga zonse, koma magazi ankangodutsa. Woyamba kufika kudzandithandiza anali a Anderea, wa Kutsidya, dothi lili m'miyendo mpaka m'mawondo. Anagwira mutu wa a Yosofati n'kuutsamiritsa pamiyendo pawo.

Tsono mverani chimene chinachitika.

Kutsidya kwa dambo kuli kachipatala ka mishoni ya a Kutsidya. Munthu woyenda bwino amakafika thukuta lisanaume. Chipatala cha mishoni yathu chili kutali, kofuna galimoto, ndipo lole ya kontirakiti inali itapita ku Lilongwe kukatenga simenti. A Anderea anati tiwanyamule tipite nawo kutsidyako msanga.

A Mbewe anaimirira kutsogolo kwathu, manja ali kumbuyo.

"Munthu wathu sapita kumeneko," anatero. "Tidikire lole. Mukakamufikitsa uko akamuthira madzi awo ali chikomokere, adzadzuka ali wa mpingo wina. Ine ndikayankha chiyani kwa abusa?"

Ndinati, "Bambo, munthuyu akutha magazi. Lole ibwera dzuwa litapendeka."

"A Phiri, inu ntchito yanu ndi njerwa. Za moyo wauzimu tisiyireni ife."

Ndinatembenukira kwa a Kutsidya, poganiza kuti mwina iwo achita manyazi m'malo mwa kapitawo. A Gabiriyele anali atapinda manja pachifuwa. Anauza anzawo kuti asasunthe. Anati ngati a Pamtunda akufuna chipatala chawo, a Mbewe apemphe okha ndi pakamwa pawo, pamaso pa onse, chifukwa akhala akunyoza mishoniyo chaka chonse. A Mbewe anayankha kuti sangagwadire munthu wosochera. A Gabiriyele anabweza kuti wosochera ndi iwowo. Anayamba kukumbutsana za sukulu ya m'mudzi wina imene anakanganirana kale, za ukwati wina umene unalephereka, za amene anayamba kufika m'dera lino.

Amuna akuluakulu, a ndevu zawo, kutsutsana za njira ya kumwamba, munthu ali pansi pa mapazi awo milomo ikuyera.

Ndipo ena onsewo? Anangoima. Athu ankaopa a Mbewe, chifukwa ndi amene amalemba ndi kuchotsa ntchito, ndiponso ndi amene amakhala kutsogolo Lamulungu. A Kutsidya ankaopa a Gabiriyele. Aliyense maso pansi.

A Anderea anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Tinapita kukatenga chitseko chimene a Yosofati omwewo anali atachipala dzulo lake, tinawagoneka pamenepo. Koma chitseko cha mlombwa chokhala ndi munthu wamkulu pamwamba sichinyamulika ndi anthu awiri. Ndinaitana amuna anzanga ndi mayina awo, mmodzimmodzi. Palibe anasuntha.

Anabwera ndi amayi awiri amene amatitungira madzi, a Nabanda ndi a Nasimango. Anatula ndowa zawo, anamanga nsalu zolimba m'chiuno, n'kugwira kumapazi. Mpaka lero sindikudziwa kuti amayiwa amapemphera kuti, ndipo sindikufuna kufunsa.

Tinadutsa dambo dzuwa lili paliwombo. Tinkatula, kupuma pang'ono, kunyamulanso. A Nasimango anaterereka pamatope n'kugwada, koma chitseko sanachisiye. A Yosofati anali atasiya kubuula, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kubuula kuja. A Anderea ankangowalankhula njira yonse, kuwafunsa mayina a ana awo, kuti asagone.

Kuchipatalako namwino sanafunse kuti munthuyu ndi wa mpingo uti. Anafunsa funso limodzi lokha: "Mwachedwa kuti?"

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Kuti tinachedwa ndi Chikhristu?

Anayesetsa, magazi analeka, ndipo madzulo anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Moyo wawo wapulumuka. Mwendo sunapulumuke, audula pamwamba pa bondo. Ine si dokotala, sindinganene motsimikiza kuti tikanafulumira mwendo ukanakhalapo. Koma ndikudziwa kuti mtengo uja tikanaukweza tonse pamodzi sukanagwa. Kalipentala wa mwendo umodzi sakweranso padenga. Ali ndi mkazi ndi ana aang'ono, ndipo mvula ili pafupi.

Mukuganiza kuti nkhani yathera pomwepo, eti?

M'mawa mwake a Mbewe anaitana a Anderea n'kuwauza kuti ntchito yatha, chifukwa anachoka pamalo popanda chilolezo cha kapitawo. Amayi awiri aja nawonso anauzidwa kuti asabwerenso. Ine, amene ndinachoka nawo limodzi, amene ndinayambitsa kunyamula chitseko, sanandichotse. Anangonditengera pambali n'kunena kuti andikhululukira chifukwa ndine mwana wa mpingo. Ndinawauza kuti chikhululukiro chotere asunge. Ndinawauzanso kuti mwini kontirakiti akabwera ndidzamufotokozera zonse iwo ali pomwepo, ndipo ngati a Anderea ndi amayi aja sabwerera, adzafune wina womaliza khomalo.

A Gabiriyele nawo akuyenda m'midzi akudzitama kuti mishoni yawo yapulumutsa wa Pamtunda. Iwo amene anapinda manja. Chitseko sanachikhudze n'chala chomwe, koma ulemu wake ausenza okha.

Ndipo nditapita ku Lilongwe kukaona wodwala, akazi a a Yosofati anandiuza kuti a Mbewe anali atafikako kale. Sanafunse za ululu, sanafunse kuti ana akudya chiyani. Anafunsa ngati kuchipatala chakutsidya kuja anawapempherera, ndiponso ngati anawapatsa kanthu kovala m'khosi.

Abale anga, tadwala chiyani?

Ndinakhalapo ku Halale zaka zingapo ndili mnyamata, ndikugwira ntchito yomweyi. Kumeneko munthu wa kuno kwathu akamwalira, tonse tinkasonkhana, wa ku Dowa, wa ku Mulanje, wa ku Karonga. Tinkakumba manda limodzi, tinkaimba nyimbo iliyonse imene ambiri akuidziwa. Palibe ankafunsa za ubatizo wa mnzake. Kuchilendo tinkadziwa kuti ndife amodzi. Koma tikangotsika basi kwathu kuno, munthu amene unagona naye chipinda chimodzi amasanduka wosochera. Kodi umodzi wathu umafuna chiphaso cha ulendo kuti uoneke?

Masiku ano paliponse pamene amuna akhala pansi, nkhani ndi ya Chitaganya, chija azungu atiphatikiza nacho ndi maiko oyandikana nafe. Timadandaula kuti m'tauni muli masitolo amene munthu wakuda amagulira pawindo, saloledwa kulowa pakhomo. Timadandaula kuti ntchito zabwino zimapita kwa ena chifukwa cha khungu. Madandaulo amenewa ndi oona, ndipo ine ndimadandaula nawo. Koma taonani zimene timachita tikangopatsidwa kaudindo kakang'ono. Munthu angomuveka ukapitawo, tsiku lomwelo watsegula kawindo kakekake, wayamba kusankha woti alowe ndi woti aime panja. Tikukana tsankho la eni, lathu tikuliweta m'nyumba ndi kulipempherera m'mawa uliwonse.

Si pa shedi pathu pokha. Pitani ku Kabudula, ku Mpingu, ku Namitete, mukamva zomwezi. Mudzi umodzi, sukulu ziwiri zoyang'anizana, ana a mimba imodzi akugendana pobwerera chifukwa aphunzitsi awo sapatsana moni. Mtsikana kukanizidwa mwamuna wakhama, wosamwa, waulemu, chifukwa chakuti Lamulungu amalowera kwina. Pamaliro anthu kukangana za amene ayambitse nyimbo, namfedwa atakhala pamphasa akudikira. Mwini ngolo kufunsa kaye kuti wodwalayo ndi wa kuti asanamange ng'ombe.

Sindikunena kuti mipingo iphatikizane. Zimenezo n'zondipitirira, ndipo ine Lamulungu likubwerali ndidzakhala m'tchalitchi changa cha nthawi zonse. Pempherani mmene munaphunzirira, imbani nyimbo zanu, gwadani kapena imirirani. Koma Ambuye amene tonsefe timatchula dzina lawo anali mmisiri wa matabwa, munthu wa zikhatho zokhakhala. Anagwada pansi n'kusambitsa mapazi a anthu awo. Nanga ife jekete loyerali talitenga kuti? Ukulu wa mpingo umene sungathe kuwerama n'kugwira ngodya ya chitseko ndi ukulu wanji?

Ndipo inu amene munangoima, maso pansi, musaganize kuti ndakuiwalani. A Mbewe ndi mmodzi, a Gabiriyele ndi mmodzi. Inu munali gulu. Mukanangosuntha, mawu awo akanagwera pansi. Anthu odzikuza amalamula chifukwa ife ofatsa timawalola, kenako mantha athuwo timawatcha ulemu. Kudzichepetsa si kukhala chete munthu akufa. Tsiku lija odzichepetsa anali amayi awiri amene anatula ndowa.

Dzulo pobwerera kunyumba ndinadzera kudambo kumene a Yosofati anafesa nazale yawo ya fodya. Ndinkaganiza kuti ndikaipeza itauma, popeza akazi awo ali ku Lilongwe ndi wodwala. Ndinapeza mabedi ali onyowa, mbande zili zobiriwira. Kumapeto kwake kunali a Anderea, kheni ili m'manja, akuthirira.

Ndinawafunsa kuti wawatuma ndani. Anati palibe. Anati popeza ntchito yatha, nthawi ali nayo yambiri, ndipo mbande sizingadikire kuti mwini wake achire.

Lamulungu lino abusa ali kumidzi ina, ndipo olalikira ku tchalitchi kwathu ndi a Mbewe. Ndidzakhala kutsogolo kwenikweni, poti azindiona bwino. Akadzatsegula pakamwa n'kunena kuti "abale okondedwa," ndikufuna adzandiuze: akunena ndani?